Kwa aphunzitsi amene afunsa za malonda a mayiko ndi masewera a pa kompyuta

Aphunzitsi, mwafunsa komwe ana a kalabu yanu ya kompyuta ku Lizulu angaoneko zimene dziko lathu limagulitsa kunja, komanso pulogalamu yosavuta yoti aziphunzirira kupanga masewera. Langizo langa ndi lakuti musazilekanitse ziwirizi, zikhale ntchito imodzi.

Yambani ndi tsamba la pa intaneti la OEC, dzina lonse ndi Observatory of Economic Complexity, imene inayambira ku Media Lab ya yunivesite ya MIT ku America. Mukalemba Malawi, imakuonetsani chithunzi cha timabokosi ta mitundumitundu, ndipo katundu wobweretsa ndalama zambiri bokosi lake limakhala lalikulu. Ana sasowa kufotokozeredwa: bokosi la fodya limameza anzake onse, kenako amayamba okha kusaka la tiyi, la shuga, la mtedza. Mphwanga wa Fomu 2 nditamuonetsa anakhala duu, kenako anafunsa kuti, "Nanga kachewere wathu ali pati?" Funso limenelo ndibwererako.

Mukafuna manambala enieni, pitani pa UN Comtrade, nkhokwe ya United Nations yokhala ndi ziwerengero kuyambira 1962, kapena Trade Map ya International Trade Centre ya ku Geneva, imene imafuna kuti mulembetse kaye. Kumeneko katundu amayenda ndi nambala zake zotchedwa HS: kachewere ndi 0701, fodya wosakonza 2401, soya 1201, mtedza 1202, tiyi 0902, ndipo nyemba zouma pamodzi ndi nandolo zili pa 0713. Zilembeni pa tchati, mupachike pakhoma. Pa nandolo muwauzenso kuti mu 2021 India anagwirizana ndi Malawi kuti azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka 5, ndiye afufuze okha ngati manambala akugwirizana ndi panganolo.

Tsopano za kachewere uja. Inu mukudziwa kuti pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambique. Mayi amawoloka ndi dengu la tomato pamutu, mnyamata amakankha njinga ya matumba awiri a kachewere, ndalama zimasinthana manja, koma palibe amene amalemba. Masamba a pa intaneti aja amangodziwa katundu amene wadutsa pa chipata monga cha Dedza ndi mapepala ake. Zimandiwawa kuti thukuta lonse la pa Tsangano Turn-off silioneka m'timabokosi timeneti, ndipo ndikufuna ana adziwe zimenezi asanayambe kukhulupirira nambala iliyonse ya pa intaneti. Njira ina yoyesera ndi kuyerekeza zimene Malawi akuti anatumiza ku India ndi zimene India akuti analandira kuchokera kuno. Kawirikawiri zimasiyana.

Pa masewera, tengani Scratch. Inatuluka mu 2007, nayonso ku MIT, ndipo anaikonzera ana a zaka 8 mpaka 16. Mwana salemba malamulo ataliatali, amangolumikiza timidadada ta malamulo ngati akumanga njerwa. Ndi yaulere, ndipo mukaitsitsa kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti, choncho bandulo siwonongeka. Ngati makompyuta ndi ochepa, pali Pocket Code, yochokera ku yunivesite ya ku Graz ku Austria, imene imayenda pa foni ya Android. Python ndi Pygame, zimene mwana amachita kulemba yekha malamulo, zidikire kaye, zikhale za amene aonetsa chidwi kwambiri.

Kuti ziwirizi zikumane, awonetseni Tradle, sewero la a OEC omwewo: amakupatsa timabokosi ta katundu wa dziko lina, iwe n'kulota dzikolo. Ana apange lawo pa Scratch ndi mayiko oyandikana nafe. Kopa akachuluka, yankho ndi Zambia. Golide ndi fodya, Zimbabwe. Malasha, aluminiyamu ndi gasi, Mozambique. Pamenepo aphunzira kusunga mapointi, kufunsa funso ndi kuweruza yankho.

Kenako Loweruka lina muwatume pamsika ndi makope, awerenge matumba a kachewere, kabichi ndi anyezi amene akukwezedwa pa malole kwa ola limodzi, afunsenso mwaulemu kuti katunduyo wachokera mbali iti ya msewu ndipo akupita kuti. Manambala amenewo ndiwo alowe m'gawo lachiwiri la sewero lawo. Mukafika pomanga timidadada ta mapointi n'kukakamira, ndilembereni, ndijambula zanga ndikutumizireni.