Achemwali, maikolofoni ija idikire kaye

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi laputopu yakale ndi foni, mukufuna kuphunzira kukonza mawu kuti muyambe podcast (pulogalamu ya mawu yomvera pa intaneti) komanso muzipezako tintchito ta kutchalitchi ndi kumabungwe. Ndiye mukufunsa ngati mugule maikolofoni ya condenser yomwe mwaiona m'tauni, kapena mulipire maphunziro a pulogalamu ya pakompyuta ya FL Studio monga ena akuuzirani pagulu pano. Ine ndikuti zonse ziwirizo zidikire. Ndalamayo isungeni, ndikuuzani kokaigwiritsa ntchito.

Tisiyanitse kaye ntchito ziwiri zomwe anthu amaziika m'thumba limodzi. Kupanga nyimbo ndi kuika ma beat ndi ntchito payokha, ndipo FL Studio anaipangira imeneyo. Zomwe mwatchula inu ndi mawu a munthu woyankhula: macheza, ulaliki, uthenga wamalonda, sewero la pawailesi. Pa zimenezi tsitsani pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity. Ndi yaulere mwalamulo, yakhalapo kuyambira m'chaka cha 2000, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo laputopu yotopa imaikwanitsa bwinobwino. Mukadzaona kuti yayamba kukucheperani, mudzapite ku Reaper: amakupatsani masiku 60 oyesera, kenako laisensi ya munthu payekha ndi madola 60, kulipira kamodzi. Adobe Audition, yomwe akuluakulu ena a pawailesi amaitchulabe kuti Cool Edit poti ndilo linali dzina lake Adobe asanaigule mu 2003, ndi yabwino ndithu, koma imafuna madola mwezi ndi mwezi, ndipo mavuto a ndalama zakunja nonse mukuwadziwa. Mapulogalamu akuba (ma crack) oyenda pa flash aja musawaike pa laputopu yomwe muzisungiramo ntchito za anthu.

Koma nkhani yaikulu si pulogalamu. Mawu ambiri oipa omwe timamva pa Facebook ndi pa YouTube sanaonongekere pa kompyuta, anaonongekera m'chipinda chomwe anajambuliramo. Nyumba zathu zambiri ndi za simenti pansi, makoma osalala, denga la malata lopanda siling'i. Mawu akatuluka pakamwa amagunda khoma n'kubwerera ku maikolofoni, ndiye munthu amamveka ngati akuyankhulira m'mgolo. Zimenezi kuzichotsa mutajambula kale n'kovuta kwambiri. Ndiye lowani m'chipinda chogona, momwe muli matilesi, makatani ndi zovala. Yalani mphasa kapena kapeti pansi, kolekani bulangete lokhuthala kumbuyo kwanu ndi kutsogolo. Ombani m'manja kamodzi mumvetsere: ngati kulira kwa m'manjako kukutsalira m'mwamba, onjezani zofewa. Galimoto yoimika pamalo a phee, mawindo otseka, imathandizanso modabwitsa. Mathireyi a mazira omwe anthu amamata m'makoma aja, pepani eni ake, ntchito yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi bulangete limodzi.

Nthawi yojambulira nayonso muiganizire. Mudziwe ola lomwe chigayo chapafupi chimayamba kulira, nthawi yomwe ana amaweruka, yomwe njinga za kabaza zimachuluka pamsewu, yomwe aneba amaliza jenereta. Dzinja mvula ikayamba kumenya malata, ingoimitsani basi, palibe batani lochotsa mvula. Foni muiike pa airplane mode. Laputopu muichotse pa chaja pojambula, chifukwa machaja ambiri otchipa amalowetsa kamkokomo m'mawu.

N'chifukwa chake ndikukana condenser ija. Maikolofoni a mtundu umenewo amatola chilichonse, tambala wa kwa aneba ndi mbale zogwa kukhitchini zomwe, ndipo otchipa aja ngati BM-800 amafuna mphamvu ya 48V kuti amveke bwino, zomwe zikutanthauza kugulanso chipangizo china. M'chipinda chosakonzedwa, maikolofoni ya dynamic ndi yomwe imakumverani chisoni, chifukwa mumaiyankhulira pafupi ndipo phokoso lakutali limachepa. Samson Q2U ndi chitsanzo chabwino: ili ndi USB yolowetsa pa laputopu lero, ndi XLR, polumikizira waya wa maikolofoni, yoti mudzalowetse pa mixer mawa. Koma ngakhale imeneyo isakhale yoyamba. Choyamba kugula ndi mahedifoni otseka khutu lonse, a waya, osati a Bluetooth komanso osati oonjezera bass aja. Simungakonze chomwe simukuchimva. Pojambula, foni yanuyo ikukwanira pakadali pano, makamaka mukaiphatikiza ndi kamaikolofoni kopanikiza pakolala ngati Boya BY-M1.

Pojambulapo kumbukirani zinthu zingapo. Maikolofoni italikirane ndi kamwa ngati chikhatho chimodzi, ndipo ikhale chapambali pang'ono, isalunjike pamilomo. Chichewa chili ndi mawu ambiri otulutsa mpweya mwamphamvu, monga phala, mphepo, khasu, thumba, ndipo mpweyawo ukawomba molunjika umaphulika m'makutu a omvera. Pa mtundu wa fayilo sankhani WAV, yomwe sifinya mawu, osati MP3. Pomwe palembedwa sample rate, ngati mawuwo akalowa muvidiyo ikani 48 kHz, ngati ndi mawu okha 44.1 kHz ikwanira. Muziyang'ana mita yoonetsa kukula kwa mawu: pomwe munthu wakweza mawu kwambiri pazifika chapakati pa -12 ndi -6 dB. Ikagunda 0 n'kufiira, mawu aphwanyika ndipo sabwereranso. Izi zimavuta kwambiri pa ulaliki, poti abusa amayamba motsitsa kenako mzimu ukawafika amakuwa, ndiye siyani mpata wokwanira kuyambira pachiyambi. Musanazimitse, jambulani masekondi 30 aliyense ali chete. Kachete kameneko mudzakafuna potseka mipata komanso pochotsa phokoso.

Tsopano pa kudula, pomwe pagona luso lenileni. Mukalowetsa fayilo mu Audacity, musagwire lumo msanga. Sungani kaye kope lina la fayilo yoyambirira pamalo ena osalikhudza. Kenako mvetserani zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mukuika zizindikiro ndi Ctrl+M pomwe mwamva mfundo yabwino, pomwe wabwereza, pomwe wasochera. Mukatero mudziwa nkhani yomwe ili m'mawumo, ndipo ndi nkhaniyo yomwe ikuuzeni chochotsa. Ophunzira ambiri amathera tsiku lonse kusaka "eee" ndi "mmm" aliyense, n'kusiya mphindi khumi zomwe mlendo amangozungulira osanena kanthu. Chotsani zikuluzikulu kaye, tizing'onoting'ono pambuyo. Ndipo musachotse kupuma konse. Munthu woyankhula osakoka mpweya amatopetsa omvera ngakhale iwo sadziwa chomwe chawatopetsa.

Pali china chomwe mavidiyo ophunzitsa a Chingerezi sangakuuzeni. M'Chichewa mawu amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo poyankhula mwachangu mapeto a liwu limodzi amalowerera m'chiyambi cha linzake, moti malo oduliramo bwino ndi ochepa. Komanso tikamamaliza chiganizo timakoka pang'ono mbali yotsatizana ndi yomaliza ya liwu lotsiriza, mawu n'kutsika. Mukadula munthu pakati pa chiganizo n'kuyesa kuti pamenepo pakhale pomalizira, khutu la Mchewa limamva nthawi yomweyo kuti munthuyu sanamalize, ngakhale chithunzi cha mawu pa kompyuta chikuoneka chosalala. Ndiye dulani potsata khutu, osati maso. Mu Audacity batani la C limakumvetsani mmene pamvekere mukachotsa chomwe mwasankha, musanachichotse n'komwe, ndipo la Z limasunthira malire anu pamalo oti pasamveke kuthetheka. Mabatani awiriwa muwazolowere sabata yoyamba yomweyo.

Apa ndionjezepo mawu amodzi ngati mkulu wanu. Lumo limatha kumunenetsa munthu zomwe sananene. Kuchotsa "sindi" kapena "koma" mmodzi kumatembenuza nkhani yonse. Mukamakonza macheza a mfumu, a dokotala kapena a mayi wa kumudzi yemwe wakukhulupirirani, muzidzifunsa ngati mwini wake atamva angavomere kuti ndi zomwe amatanthauza.

Mukamaliza kudula ndiye muyambe kuyeretsa, ndipo dzanja likhale lopepuka. Mu Audacity momwemo ikani High-Pass Filter chapa 80 Hz kuti muchotse mkokomo wapansi womwe si mawu a munthu. Ngati mukumva kulira kwa magetsi, gwiritsani ntchito Notch Filter, koma apa chenjerani: aphunzitsi a ku America amati 60 Hz chifukwa ndi mmene magetsi awo alili, pomwe athu kuno ndi 50 Hz, ndipo nthawi zina kuliraku kumaonekeranso pa 100 ndi 150. Pa Noise Reduction sankhani kachete kaja, dinani Get Noise Profile, kenako chotsani pang'ono, 6 mpaka 12 dB basi. Mukapyola apo mawu amayamba kunjenjemera ndi kulira mwachitsulo, ndipo zimenezo zimanyansa kuposa kaphokoso komwe mumathawa. Compressor ikani 2:1 kapena 3:1 kuti otsitsa ndi okweza ayandikirane. Zipangizo za AI za pa intaneti monga Adobe Podcast zimachotsadi phokoso mochititsa kaso, koma pa Chichewa muzimvetsera liwu lililonse zikamaliza, chifukwa zikakumana ndi mawu osamveka bwino zimangopeka zake.

Pomaliza penipeni ndi kukula kwa mawu, komwe amayeza ndi LUFS. Mu Audacity muli Loudness Normalization yochitira zimenezi. Apple Podcasts amalangiza -16 LUFS, Spotify amasewera chapa -14, pomwe muyezo wa mawailesi a ku Europe wotchedwa EBU R128 ndi -23. Ngati ntchito ikupita ku wailesi ya kuno, afunseni eni ake zomwe amafuna musanatumize. Mukatero mvetserani pa sipika ya foni yotchipa, poti omvera anu ambiri amvera pamenepo, ena ali m'minibasi. Nyimbo yapansi yomwe imamveka bwino m'mahedifoni nthawi zambiri imakwirira mawu pa foni, ndiye itsitseni kuposa mmene mtima ukufunira.

Ganiziraninso bandulo ya omvera. Ola limodzi la WAV ya mono (mzere umodzi wa mawu) pa 48 kHz ndi 24-bit limapitirira 500 MB. Imeneyo ndi yanu yosunga. Yotumiza kwa anthu ikhale MP3 ya mono pa 64 kbps, pomwe mphindi 30 zimangokwana pafupifupi 14 MB ndipo mawu a munthu amamvekabe bwino. Potumizirana ntchito pa WhatsApp muzisankha Document kuti fayilo ifike mmene ilili. Voice note imafinyidwa kwambiri, ndiye mlendo wakutali mum'pemphe ajambule ndi pulogalamu yojambulira ya m'foni mwake n'kutumiza ngati Document. Ctrl+S ikhale pachala nthawi zonse, magetsi athu satsanzika.

Za nyimbo, musatenge ya woyimba aliyense n'kuika pansi pa mawu anu chifukwa choti mumaikonda. Kuno kuli lamulo la Copyright Act la 2016 ndipo bungwe la COSOMA ndi lomwe limayang'anira za eni nyimbo, komanso YouTube ndi Facebook amatha kutseka mawu kapena kutsitsa ntchito yanu. YouTube Audio Library ili ndi nyimbo zololedwa, Freesound ili ndi timaphokoso tambiri koma muziwerenga laisensi ya kalikonse. Chabwino koposa, pezani mnyamata wodziwa FL Studio akupangireni kanyimbo kanukanu ka masekondi 15, mugwirizane polemba kuti ndi kanu.

Kophunzirira? Ngati mukufuna pepala, sukulu ya MIJ (Malawi Institute of Journalism) ku Blantyre imaphunzitsa utolankhani ndipo ili ndi wailesi yakeyake, ku yunivesite ya MUBAS kulinso maphunziro a utolankhani. Koma pa dzanja lenileni, ine ndimakhulupirira mawailesi a m'madera, monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, ya Nkhotakota kapena ya Mzimba. Pitani ku yomwe muli nayo pafupi mukadzipereke kuthandiza. Kumeneko pulogalamu imayenera kuuluka 6 koloko kaya mwakonzeka kaya ayi, ndipo mukakhala pambali pa munthu yemwe wadula mawu zaka zambiri mumaona zala zake zikuchita zomwe iye mwini sangathe kufotokoza. Maphunziro olipira a masabata awiri aja si oipa onse, koma musanalipire funsani kuti mudzagwira kompyuta maola angati inuyo, ndipo pemphani kumva ntchito ya mphunzitsiyo.

Sabata ino chitani ichi. Khalani pansi ndi agogo kapena aneba achikulire, muwafunse za njala ya 2002 kapena mmene anakumanirana ndi akunyumba kwawo, mujambule mphindi 20. Mudule zitsale mphindi 3 zokhala ndi poyambira, pakati ndi pothera, popanda nyimbo, popanda mawu anu ofotokozera. Mukamaliza nditumizireni ngati Document pamodzi ndi yoyambirira ija yosadula, ndidzakuuzani mphindi ndi sekondi ya malo aliwonse omwe ndamva lumo.