Bit kapena bridle yopanda chitsulo, yambani mwaonetsa mano

Achimwene, mwati hatchi yanu ikumapukusa mutu ndi kuyasama mukangokoka zingwe, ndiye mukufunsa ngati mugule bit ina (chitsulo cha mkamwa mwa hatchi) kapena mungosamukira ku bridle (malamba a kumutu omangirirako zingwe) yopanda chitsulo. Musanagule chilichonse itanani dokotala wa ziweto aiyang'ane mkamwa. Mano a hatchi amathwa mmbali n'kumacheka masaya ndi lilime, amafuna kupalidwa mwina kamodzi pachaka, komanso pali timano ting'onoting'ono timatchedwa wolf teeth timamera pafupi ndi pomwe bit imakhala, chitsulo chikamagunda pamenepo hatchi singakhazikike olo bit yake ikhale yodula bwanji.

Mano akakhala kuti ali bwino ine ndingati yambani ndi snaffle wamba, bit yopanda timikono imene zingwe zimamangidwa pa mphete za mmbali mwa milomo. Mphamvu imene mwakokera ndi yomweyo imene imafika mkamwa. Curb ija ya timikono titalititali ndi tcheni pansi pa chibwano imachulukitsa mphamvu, inu mukuona ngati mwangogwedeza chala pomwe hatchiyo ikumva kuwawa pansagwada mpaka kuseri kwa makutu, isiyeni kaye imeneyo. Pa ma snaffle ndimakonda ya mfundo ziwiri, French link kapena ya lozenge, chifukwa ya mfundo imodzi imapindika pakati n'kupana nsagwada, nthawi zina nsonga yake imakagunda kumwamba mkamwa. Zopota ngati waya zija musayerekeze n'komwe. Ndipo asakunamizeni kuti yonenepa ndiye yofewa, hatchi zambiri lilime limadzaza mkamwa malo ndi ochepa. Ikavala pazitsala pafupifupi theka la sentimita mbali iliyonse ya milomo, ikathina imatsina, ikakula imangoserereka uku ndi uku.

Nkhani ya yopanda chitsuloyo ndi imene anthu amapupuluma nayo, amaona ngati ukachotsa chitsulo basi nkhanza zatha. Ayi ndithu, mphamvu ija imangosamukira pamphuno. Sidepull ndiye yosavuta, zingwe zimamangidwa mmbali mwa lamba wa pamphuno ndipo hatchi yozolowera snaffle sichedwa kuimvetsa, kwa inu ndingasankhe imeneyi. Cross-under ya Dr Robert Cook zingwe zimapingasana pansi pa nsagwada n'kugwira mutu wonse, hatchi zina zimaikonda zina zimadana nayo, makamaka ngati malamba akuchedwa kumasuka inu mutaleka kukoka. Mechanical hackamore ili ndi timikono ngati curb yomwe ija, mmanja mwa munthu ongoyamba ikhoza kuvulaza kuposa bit.

Iliyonse mungatenge, lamba wa pamphuno akhale ngati zala ziwiri mmunsi mwa fupa la tsaya. Akatsika kwambiri amakhala pomwe fupa la mphuno ndi lopyapyala, komanso amatsekereza mpweya, paja hatchi imapuma ndi mphuno yokha siipumira mkamwa. Musamangenso zothina, zala ziwiri zizilowa.

Ngati muli ndi maganizo a mpikisano funsani malamulo msanga, dressage (mpikisano woonetsa kayendedwe ndi kumvera kwa hatchi) ya FEI, bungwe la dziko lonse la masewera a hatchi, imafuna bit pomwe yodumpha mipanda amalola hackamore. Tsiku loyamba musakwere n'kutuluka nayo kunja, iyeseni muli pansi mmalo otchingidwa, ikhote kumanja kumanzere, iime, ibwerere mmbuyo, ndipo ikangomvera masulani chingwe pompopompo chifukwa imaphunzirira pa kumasulako. Ikamapukusabe mutu itavala sidepull muonetsenso dokotala uja nsana ndi chishalo.