Nambala yosadziwika ikunditukwana: kodi kulembetsa simukhadi kunathandiza chiyani?

FUNSO: Alangizi, ndine mayi wochita malonda a mpunga ku Lifuwu m'boma la Salima, ndiponso ndine msungichuma wa gulu lathu la banki mkhonde. Chilandirireni udindowu ndakhala ndikulandira mauthenga otukwana ndi oopseza pa foni yanga, makamaka usiku, kuchokera ku nambala imene sindikuidziwa, ndipo ndikaimba palibe amene amayankha. Wolembayo akudziwa mayina a ana anga komanso tsiku limene timagawana ndalama. Pamene tinkalembetsa masimukhadi tinauzidwa kuti khalidwe lotere litha chifukwa nambala iliyonse idzakhala ndi mwini wake wodziwika. Nanga munthuyu akubisalabe bwanji, ndipo ine ndichite chiyani? — Mayi wa ku Lifuwu, Salima

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, chifukwa munthu amene akutchulirani mayina a ana anu pakati pa usiku akufuna kukulandani tulo ndi mtendere, ndipo nkhaniyi si yoinyalanyaza.

Zimene munauzidwa zinali zoona, koma sizinafotokozedwe zonse. M'chaka cha 2017 bungwe la NRB linachita kalembera wa unzika amene anafikira Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo m'chaka cha 2018 bungwe la MACRA, loyang'anira makampani a mafoni ndi zofalitsa mauthenga, potsatira lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso, ndi kuti zosalembetsedwa zitsekedwe. Izi zisanachitike, munthu ankagula simukhadi pamsika, kutukwanira mnzake, n'kuitaya m'tchire popanda wina wodziwa kuti inali ya yani. Kulembetsa kunatseka njira imeneyo. Komabe dzina la mwini nambala limasungidwa ndi kampani ya foni, ndipo kampaniyo siingalipereke kwa inu ngakhale mutapita ku ofesi yake mukulira. Imalipereka kwa apolisi pamene akufufuza mlandu motsatira malamulo. Ine ndikuona kuti zimenezi n'zoyenera, pakuti chinsinsi chomwecho ndicho chimaletsa munthu wachabechabe kukafunsa za inu n'kuuzidwa zonse.

Vuto lalikulu lili poti dzina limene lili m'kaundula nthawi zina si la munthu amene foni ili m'manja mwake. Taganizirani mmene kulembetsa kumachitikira m'misika yathu: ejenti wakhala pa kabenchi pansi pa ambulera, inu mwamupatsa chiphaso, iye wachijambula ndi foni yake n'kukubwezerani, ndipo mwachoka osadziwa ngati chithunzicho achifufuta kapena ayi. Maejenti ambiri ndi okhulupirika, koma wosakhulupirika angathe kulembetsera nambala zina pa chiphaso chomwecho n'kuzigulitsa ngati zolembetsa kale. M'mabanja mwathunso timachita zofanana popanda kuganiza: mdzukulu amatenga chiphaso cha agogo ake, mwamuna amagwiritsa ntchito nambala ya mkazi amene anasiyana naye kalekale, ndipo foni ya malemu imapitirira kulira m'thumba la wachibale. Zili ngati bwato la pa Senga Bay limene lalembedwa dzina la munthu wina pamene opalasa ndi ena. Likaononga ukonde wa mnzawo, woyamba kufunsidwa ndi mwini dzinalo.

N'chifukwa chake ndikukuchenjezani pa nzeru imene anzanu akupatseni posachedwa, ngati sanakupatseni kale, yoti mutumize kandalama kochepa ku nambalayo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti muone dzina. Dzina lingaoneke ndithu, koma musathamangire nalo ku nyumba ya munthuyo kapena kukalitchula pa msonkhano wa gulu. Mungapezeke mukuloza chala gogo wosalakwa amene sadziwa n'kulemba komwe, ndipo gulu limene mwalimanga movutikira lingasweke chifukwa cha kuganizirana kopanda umboni.

Chimene muchite ndi ichi. Musafufute uthenga ngakhale umodzi, ngakhale utakhala wochititsa manyazi chotani, ndipo musayankhe, chifukwa mawu aukali amene mungabweze angadzakusokonezereni mlandu wanu womwe. Lembani m'kope tsiku ndi nthawi imene uthenga uliwonse unafika, kenako mupite ndi foniyo ku polisi ya Salima kapena ya pafupi nanu, ndipo mupemphe kuonana ndi a nthambi ya Victim Support Unit, amene amamva nkhani za nkhanza m'chipinda chapadera. Lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuopseza, kuzunza kapena kusowetsa munthu mtendere kudzera pa foni kapena kompyuta, ndipo wopezeka wolakwa pa mlandu wozunza mnzake mwa njira imeneyi angalipitsidwe K2 miliyoni ndi kukhala kundende zaka 5. Funsani dzina la wapolisi amene walandira dandaulo lanu, ndipo muzibwererako kukamva pamene nkhani yafika, pakuti mlandu umene mwini wake saulondola umazirala msanga.

Ngakhale dzina la m'kaundula litakhala la munthu wina, kulembetsa sikunapite pachabe. Apolisi amakhala ndi poyambira: amafunsa mwini chiphaso kuti anachipereka kwa yani, ndipo kampani imasunga mbiri ya nambala zimene simukhadiyo inaimbirapo ndi dera limene inkagwirira ntchito. Munthu wotukwana ndi nambala yosadziwika nthawi zina amadzaimbiranso nayo m'bale wake tsiku lina mayunitsi akamuthera kwina, ndipo pamenepo ndi pamene amadziulula.

Popeza munthuyu akudziwa tsiku logawana ndalama, musasunge nkhaniyi nokha. Uzani apampando a gulu ndi anyakwawa mwakachetechete, ndipo mugwirizane kuti bokosi la ndalama lisagone m'nyumba mwanu tsikulo likamayandikira.

FUNSO: Alangizi, mphwanga anataya chiphaso chake cha unzika ndipo akundipempha kuti ndimulembetsere simukhadi m'dzina langa kuti azilandirira ndalama za ganyu. Ndikuopa kumukaniza chifukwa ndi mwana wa mayi anga. Kodi pali choopsa? — Bambo wa ku Dwangwa, Nkhotakota

YANKHO: Choopsa chilipo bambo, ndipo mwachiona kale m'kalata ya mayi a ku Lifuwu. Chilichonse chimene chidzachitike ndi nambalayo, kaya ndi kutukwana, kuba ndalama mwachinyengo kapena ngongole ya pa foni, chidzayamba chafika pa khomo panu, ngakhale mphwanuyo atakhala wosalakwa koma foni yake yabedwa kapena waibwereketsa. Iyenso zidzamuvuta, chifukwa simukhadiyo ikatayika sangathe kuibwezeretsa, kapena kupeza ndalama zimene zili m'menemo, popanda inu ndi chiphaso chanu. Thandizo lenileni ndi kumuperekeza ku polisi kuti akanene za chiphaso chotayikacho, kenako ku ofesi ya NRB ku boma kuti akapemphe china. Podikira, ndalama zake zingathe kumafikira pa nambala yanu imene muli nayo m'manja, inu n'kumamupatsa. Mukafika ku boma kapena ku tauni kumene kuli ofesi ya kampani yanu ya foni, tengani chiphaso chanu ndipo mupemphe kuti akuonetseni nambala zonse zimene zinalembetsedwa m'dzina lanu, kuti zimene simukuzidziwa zitsekedwe.