Kuyankha funso la amalume pa za monita imene ikulira

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno tonse taswera bwino. Ndamvetsera uthenga umene munasiya pagulu lathu la banja m'mawa uja, wonena kuti monita ya kompyuta yanu yayamba kulira ngati mwalowa njuchi, ndipo mumafunsa ngati ili pafupi kupsa kapena ngati mungapitirize kuigwiritsa ntchito. Pepani kuti ndachedwa kuyankha, ndinafuna ndiweruke kaye kuti ndikufotokozereni modekha, chifukwa zinthu zimene zimaliritsa monita n'zingapo ndipo kuopsa kwake n'kosiyana.

Ndiyambe ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Ngati phokosolo likumveka ngati kuthetheka kwa nkhuni pamoto, kapena mukumva fungo la pulasitiki wopserera, kapenanso pulagi ikutentha moti simungathe kuigwira nthawi yaitali, chonde zimitsani pa soketi ndi kuzula pulagiyo nthawi yomweyo, ndipo musayatsenso mpaka munthu wodziwa za magetsi ataona. Kuthetheka kotereku kumasonyeza kuti magetsi akudumpha pamalo pamene waya wamasuka kapena wapsa, ndipo moto wa m'nyumba umayamba motero. Ngati palibe chilichonse mwa zimenezi, mtima ukhale m'malo, tingathe kufufuza pang'onopang'ono.

Choyamba ndikupempha kuti mumvetsere bwino mtundu wa kulirako. Pali kulira kwa mawu aakulu, kosalekeza, kofanana ndi kumene timamva tikaima pafupi ndi thiransifoma ya pamsewu. Kumeneku kumachokera ku magetsi enieniwo, chifukwa magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi ndi a 230 volts ndipo amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi iliyonse, kotero kachipangizo kalikonse kokhala ndi waya wokulungakulunga kamanjenjemera motsatira kayendedwe kameneka, makamaka kakakalamba n'kumasuka. Palinso kulira kwina kwa mawu aang'ono, kopyapyala ngati kwa udzudzu ukafika pakhutu usiku. Kumeneku kumachokera ku tizipangizo ting'onoting'ono ta m'kati timene timagwira ntchito mothamanga kwambiri, ndipo nthawi zambiri kumangosowetsa mtendere koma sikuwononga kanthu.

Mukatero mufufuze pamene phokosolo likuchokera, chifukwa khutu limanyenga. Tengani pepala, mulipinde likhale ngati paipi, mbali imodzi muike pakhutu ndipo mbali inayo muziiyendetsa kumbuyo kwa monita, pa kompyuta, pa ekisitenshoni ndi pa soketi ya pakhoma. Zimenezi zinandichitikira ineyo chaka chatha. Ndinakhala sabata yathunthu ndikuimba mlandu monita yanga, koma tsiku lina ndikusesa kunsi kwa tebulo ndinapeza kuti chimene chinkalira ndi adaputa, kabokosi kakuda kaja kamene kamakhala pakati pa chingwe cha magetsi, ndipo nditakagwira kanali kotentha ngati mbatata yongophula kumene. Nditagula adaputa ina phokoso linatheratu. Ngati monita yanu ili ndi kabokosi kotere ndipo ndi kamene kakulira, werengani zimene zalembedwa pamenepo musanagule kena. Nambala ya volts, imene kawirikawiri imakhala 12 kapena 19, iyenera kufanana ndendende ndi ya kakaleko, pamene nambala ya amps ingakhale yofanana kapena yokulirapo, koma isachepe.

Ngati phokoso likuchokeradi m'monita, zulani chingwe chimene chimabweretsa zithunzi kuchokera ku kompyuta, kaya ndi cha HDMI kapena cha VGA chokhala ndi mutu wabuluu ndi tizomangira tiwiri, ndipo monitayo muisiye ili chiyakire payokha. Kulira kukasiya, ndiye kuti vuto likulowera m'chingwe chimenecho, ndipo mungayese kubwereka chingwe china kuti muone ngati pali kusintha. Muonenso ngati monita yanu ili ndi masipika ake, chifukwa zambiri zimakhala nawo ngakhale eni ake sadziwa. Tsitsani voliyumu mpaka pansi penipeni pogwiritsa ntchito mabatani a pa monita pomwepo. Phokoso likatha, ndiye kuti likutulukira m'masipika, ndipo chimene chimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi kulumikiza kompyuta pa soketi ina, monita pa soketi inanso. Zilumikizeni zonse ziwiri pa ekisitenshoni imodzi yabwino, ndipo foni ya m'manja muiike patali, popeza nayonso imaliritsa masipika ikamalandira uthenga kapena wina akamaimba.

Pa nkhani ya ekisitenshoniyi ndikufuna nditsindike pang'ono. Mapulagi athu ali ndi mano atatu, ndipo dzino lalitali la pamwamba lija ndi la waya wa earth, umene umatengera pansi magetsi osochera. Makompyuta ambiri ogula kwa anthu ena amabwera ndi pulagi ya mano awiri ozungulira, ndipo chizolowezi chathu ndi kutosa bowo la pamwamba ndi kamtengo ka machesi kuti pulagiyo ilowe mokakamiza. Pulagi yolowa chotero imagwedera, earth sagwira, ndipo zotsatira zake ndi kulira, kuthetheka, ngakhalenso kumva kunyerenyetsa m'zala mukakhudza chitsulo cha kompyuta. Maekisitenshoni ena otchipa a pamsika ali ndi mabowo atatu koma m'kati muli mawaya awiri okha. Ngati ndi mmene zilili kwanuko, gulani chingwe cha pulagi ya mano atatu, ndipo muyese kulumikiza monitayo mwachindunji pa soketi ya pakhoma.

Kenako yesani kusintha kuwala kwa monita. Kwezani brightness ifike pa 100, mumvetsere, ndiyeno muitsitse pang'onopang'ono. Mamonita ambiri amachepetsa kuwala mwa kuyatsa ndi kuzimitsa nyale zake za m'kati maulendo mazanamazana pa sekondi, mofulumira moti diso siliona, koma tizipangizo toyendetsa nyalezo timalira. Mamonita akale ndithu, amene m'kati mwake muli timachubu towala m'malo mwa nyale za LED, ndi amene amakonda kuchita zimenezi akamakalamba. Mukaona kuti kulira kukutha pamene kuwala kwafika pa 100, vutolo si loopsa, ndipo mungasiye pamlingo umene phokoso lachepa, bola maso anu asamapweteke.

Koma pamene ineyo ndikukayikira kwambiri, amalume, ndi pa inverter imene munagula ija yogwiritsa ntchito ndi batire la sola magetsi akazima. Ma inverter alipo a mitundu iwiri, ndipo pa bokosi pake pamalembedwa kuti pure sine wave kapena modified sine wave. Ya mtundu woyamba imatulutsa magetsi osalala ofanana ndi a pakhoma, pamene yachiwiri, imene ndi yotsika mtengo ndipo ndi imene ambiri timakwanitsa kugula, imatulutsa magetsi odukaduka amene amaliritsa zipangizo ndi kuzitenthetsa. Mungazindikire mosavuta polumikizapo fani, chifukwa nayonso imang'ung'uza mosiyana ndi mmene imachitira pa magetsi a pakhoma. Choncho kwa masiku awiri kapena atatu muziona nthawi imene monita ikulira. Ngati ikulira pokhapokha muli pa inverter kapena pa jenereta yaing'ono, ndiye kuti monitayo ilibe mlandu, ndipo ndingakulangizeni kuti musamaigwiritse ntchito maola ambiri pa magetsi amenewo. Ngati ikulira madzulo okhaokha, nthawi imene mababu akuwala mofooka chifukwa anthu ambiri akuphika ndi magetsi, ndiye kuti mphamvu ya magetsi ikumatsika. Njira yachidule yotsimikizira zonsezi ndi kunyamula monitayo n'kukailumikiza kunyumba ina. Ikakakhala chete kumeneko, vuto lili pa mawaya a m'nyumba mwanu, ndipo muitane wa magetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, kuti adzayeze soketi ndi earth.

Ikakalirabe kulikonse kumene mwaipititsa, makamaka ngati yayambanso kuchedwa kuyaka, kapena chithunzi chikuphethira, kapena kanyale ka kutsogolo kakungothwanima kwa mphindi zingapo chithunzi chisanabwere, ndiye kuti m'kati muli tizipangizo totchedwa capacitor timene tatopa. Timaoneka ngati timigolo ting'onoting'ono toimirira, ndipo tikawonongeka timatupa pamwamba ngati chitumbuwa, nthawi zina n'kumatuluka zinthu zofiirira. Amene amakonza ma TV amatha kutisintha, ndipo ndi ntchito imene kawirikawiri mtengo wake suyandikira wa monita yatsopano. Akatsegula muwapemphe achotsemonso fumbi, popeza mphemvu ndi nyerere zimakonda kumanga m'malo ofunda ngati amenewa, ndipo nyengo ya mvula chinyezi chikasakanikirana ndi fumbi magetsi amayamba kudumpha.

Ndikudziwa kuti inu ndinu munthu wa luso la manja ndipo wailesi za pakhomo mumakonza nokha, koma ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti monitayi musaitsegule. Capacitor yaikulu ya m'kati imasunga magetsi opitirira 300 volts ngakhale mutazula pulagi, ndipo ngati monita yanu ndi ya mtundu wakale uja wa chimsana kumbuyo, m'menemo mumakhala magetsi opitirira 20,000 volts. Musaimenyenso ndi dzanja kuti ikhale chete, chifukwa ingathe kusiyadi kulira kwa kanthawi pamene malo omasuka aja akungowonjezereka.

Mukapeza mpata usiku uno kunja kutakhala bata, ikani foni pafupi ndi kumbuyo kwa monitayo, mujambule phokosolo kwa masekondi 20 ndipo munditumizire pagulu pompano. Mujambulenso chithunzi cha kapepala kamene kamatidwa kumbuyo kwa monita, china cha pulagi ndi ekisitenshoni mmene mwazilumikizira, ndi china cha zolembedwa pa inverter. Ndikamva ndi kuona zimenezo ndidzakuuzani ngati m'pofunika kupita nayo kwa okonza kapena kungosintha chingwe. Mundiperekere moni kwa amayi ndi ana onse kumeneko. Zikomo kwambiri, amalume.