Agulugufe aja anapita kuti? Yankho kwa aphunzitsi a kufupi ndi Chipata

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya pulayimale kunja kwa tauni ya Chipata. Chaka chatha ali paulendo analowa mu myuziyamu ina, napeza chipinda chonse chodzaza ndi agulugufe, ziwala, zisa za mbalame ndi zigaza za nyama zing'onozing'ono. Atabwerako anakambirana ndi makolo, anasonkherana ndalama pang'onopang'ono, mpaka anakwera basi ndi ana a kalasi yawo. Atafika anapeza m'chipinda muja muli zina. Wapakhomo anangowauza kuti chija chinali chionetsero cha kanthawi chabe. Funso lawo ndi ili: "N'chifukwa chiyani amachotsa zinthu zabwino chonchi? Nanga ife a Kum'mawa, amene tilibe myuziyamu yaikulu, ana athu adzaziona liti?"

Amayi, pepani kwambiri. Ndikudziwa kulemera kwa ndalama yosonkha kwa makolo amene amadikira kugulitsa mtedza kapena soya kuti apeze ya basi. Ndikudziwanso nkhope za ana amene mwawalonjeza chinthu kwa miyezi, n'kukapeza palibe. Koma ndikuuzeni kuti amene anachotsa zinthu zija sanalakwe, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Mu myuziyamu mumakhala zionetsero za mitundu iwiri. Zina n'zokhazikika, zimakhala zaka ndi zaka pamalo amodzi. Zina n'za kanthawi, zimaikidwa kwa masabata kapena miyezi ingapo, tsiku lotsegula ndi lotseka likudziwika kale. Chimene inu munaona chinali cha mtundu wachiwiriwu.

Chachikulu chimene chimachititsa kuti azichotse ndi kuwala. Taganizani chitenje chatsopano chimene mwachiiwala pachingwe masiku angapo mu Okutobala. Mukachitenga mupeza mbali imene inayang'ana dzuwa yachita mbuu, ndipo ngakhale muchape chotani mtundu wake subwereranso. Mapiko a gulugufe, nthenga za mbalame, ubweya wa nyama ndi masamba ouma zimasuluka chimodzimodzi, ngakhale ndi magetsi a m'nyumba. N'chifukwa chake m'zipinda zoterezi mumakhala kamdima pang'ono. Akatswiri amachepetsa kuwala kufika pa muyeso wa 50 lux, umene ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi kuwala kwa m'kalasi mwanu masana. Ngakhale atero, kuwonongeka kumangochedwa, sikuleka. Gulugufe akakhala poyera miyezi itatu n'kubwezedwa mumdima wa m'kabati, adzaonedwanso ndi zidzukulu za ana anuwo. Akakhala poyera zaka khumi amasanduka ngati kapepala kakale.

Palinso tizilombo. Inu mukudziwa zimene anankafumbwe amachita ndi chimanga chosathira mankhwala. Mu myuziyamu muli adani otero: njenjete ndi tizikumbu tina timene timadya chikopa, nthenga ndi matupi ouma a tizilombo tinzawo. Ine ndinaonapo kabokosi ka ziwala kamene kanakhala pashelefu ya sukulu zaka zingapo osatsegulidwa. Maphini onse anali chiimire bwinobwino, timapepala ta mayina tili m'malo mwake, koma pansi pa phini iliyonse panali kamulu ka fumbi lofiirira, ngati gaga. Chiwala chenichenicho chinatha kale. Pofuna kupewa zimenezi, zinthu zikachoka pa chionetsero amazikulunga m'pulasitiki n'kuziika mufiriji yozizira kwambiri kwa masiku angapo kuti mazira a tizilomboto afe, kenaka n'kuzibwezera kosungira.

Nthawi zinanso zinthuzo sizikhala zawo. Myuziyamu imabwereka kwa inzake, ku yunivesite kapena kwa ofufuza, ndipo pamakhala pangano lolembedwa la tsiku lobweza, inshuwalansi, ndi lipoti la mmene chinthu chilichonse chinalili pofika. Cha mwini ndi cha mwini, nthawi ikakwana chimabwerera. Komanso zimene timaona m'magalasi ndi kachigawo kochepa chabe. Natural History Museum ya ku London ili ndi zinthu pafupifupi 80 miliyoni, ndipo zambiri zili m'makabati kuseri, kumene alendo safika. Chionetsero cha kanthawi ndicho chimapatsa mpata zinthu zobisikazo kuti nazonso zionedwe. Ndiye pamene ana anu anapeza chipinda chitasintha, n'kutheka kuti panali zina zimene zinadikira mumdima zaka zambiri kuti zilowe m'malomo.

Pa ulendo wina, musanatolere ngakhale ngwee imodzi, imbani foni kapena lembani kalata ku myuziyamuyo, mufunse wogwira ntchito ya zamaphunziro. Mufunse tsiku limene chionetsero chikutha. Muwauzenso kuti mukubwera ndi ana angati, a giredi yanji, ndipo mukuphunzitsa mutu wanji, chifukwa nthawi zina akadziwiratu amatha kukutulutsirani zina za kosungira kuti ana aone pafupi. Tsiku la 18 Meyi, limene ndi la mamyuziyamu padziko lonse, ndi nthawi yabwinonso yofunsira ngati akonza chapadera.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene landigwira mtima kwambiri. Mamyuziyamu aakulu a dziko lathu la Zambia ali kutali nafe. Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934 ndipo ili ndi gawo la zachilengedwe, ili kumapeto ena a dziko. Lusaka National Museum inatsegulidwa mu 1996, ndipo kuchokera ku Chipata ndi makilomita opitirira 550 pa msewu wa Great East. Ena ali ku Ndola, ku Mbala ndi ku Choma. Kuno tili ndi Nsingo Community Museum ku Feni, imene imasunga mbiri ya Angoni, koma ya zachilengedwe tilibe.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zinthu zoti n'kuonetsa zili pakhomo pathu pomwe. Chigwa cha Luangwa chimadziwika kwa asayansi a dziko lonse chifukwa cha mafupa osanduka miyala a nyama zimene zinakhalako zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ma dinosaur asanakhaleko n'komwe. Nyama ina yakale inapatsidwa dzina loti Luangwa mu 1963, ina ndi Zambiasaurus. Kuyambira mu 2009 ofufuza a ku Field Museum ya ku Chicago ndi University of Washington akhala akubwera m'chigwamo pamodzi ndi a National Heritage Conservation Commission, bungwe la boma loteteza malo ndi zinthu zakale, ndipo zimene amapeza zimalembedwa kuti ndi chuma cha Zambia. Nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'chigwa chomwechi. Ku Chadiza kuli phanga la Kalemba, limene katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba mu 1971 n'kupezamo zida zamiyala za anthu akale. Mwana wa ku London atha kumva za Luangwa m'buku, pamene mwana wa ku Chiparamba, amene agogo ake anabadwira kufupi ndi chigwacho, sanamvepo kuti pansi pa dothi lakwawo pagona zoterezi. Nkhani ya chigaza cha munthu wakalekale cha ku Kabwe mukuidziwa: chinapezeka mumgodi mu 1921, chili ku London mpaka lero ngakhale boma lathu lakhala likuchipempha, ndipo chimene timaona kuno ndi chofanizira chake.

Apa m'pamene ine ndimaona kuti chionetsero cha kanthawi, chomwe chija chinakukhumudwitsani, ndicho chingatithandize ife a kutali. Chokhazikika chimafuna nyumba yakeyake, alonda, magetsi osazima ndi ndalama za chaka ndi chaka. Cha kanthawi chimangofuna holo, makabati ochepa ndi galimoto yonyamulira. Ku Britain anachita zimenezi ndi Dippy, chofanizira cha mafupa 292 a dinosaur wamkulu wotchedwa Diplodocus, chimene chinaonetsedwa ku London kuyambira mu 1905. Anachiphwasula mu 2017, ndipo kuyambira mu 2018 mpaka 2021 chinayenda m'malo asanu ndi atatu a dzikolo, n'kuonedwa ndi anthu oposa 2 miliyoni. Ngati chinyama chachikulu chotero chinakwera lole, zofanizira za zigaza za ku Luangwa zingalephere bwanji kufika ku Chipata kwa mwezi umodzi? Taganizani zitabwera mu Febuluwale anthu atadzaza tauni chifukwa cha Nc'wala ku Mtenguleni, kapena mu Ogasiti pa nthawi ya Kulamba ku Mkaika. Ndikupemphani kuti inu ndi aphunzitsi anzanu a m'dera lanu mulembe kalata imodzi ku National Museums Board, bungwe loyang'anira mamyuziyamu a boma, yosainidwa ndi masukulu angapo, yopempha chimenechi. Pempho la sukulu imodzi litha kuiwalika m'kabati, koma la masukulu khumi limavuta kulinyalanyaza.

Podikira yankho, musakhale manja lende. Konzani chanuchanu m'kalasi, cha masabata awiri okha, pa mutu umodzi. Musati "zachilengedwe zonse", mudzatopa pachabe. Tengani mwachitsanzo zimene mvula yoyamba imabweretsa: inswa, mphalabungu, nkhono, bowa, masuku. Ana atole masamba a mitengo ya pafupi, awapanikize pakati pa manyuzipepala pansi pa njerwa mpaka aume. Atole zigoba za nkhono zopanda kanthu, nthenga zogwa zokha, zisa zakale zimene mbalame zinasiya. Bowa ajambuleni pafoni kapena papepala, musauike patebulo pamene mwana wamng'ono angaulawe.

Mbali imene ndimaikonda kwambiri ndi kapepala ka pansi pa chinthu chilichonse. Palembedwe dzina lake m'Chichewa, kapena m'Chinsenga ngati mwanayo kwawo amalankhula chimenecho, malo amene chatoledwa, tsiku, ndi amene watola. Asayansi enieni amachita chimodzimodzi, ndipo chinthu chopanda kapepalaka kwa iwo chimakhala chopanda ntchito. Mayina ambiri anawo sadzawadziwa, mwinanso inu simudzawadziwa onse. Atumeni kwa agogo awo. Mudzadabwa kuona gogo amene sanapondepo m'kalasi akusiyanitsa mitundu ya ziwala imodziimodzi, n'kukuuzani chodyedwa ndi chosadyedwa, ndi mwezi umene chilichonse chimaoneka. Tsiku lotsegulira muwaitane agogowo, akhale pampando pafupi ndi tebulo, ana aziwafunsa.

Chenjezo limodzi ndilinene mosabisa. Musalole mwana aliyense kubweretsa mnyanga wa njovu, chikopa cha nyalugwe, mamba a ngaka kapena chilichonse cha nyama zotetezedwa, ngakhale atanena kuti chakhala m'nyumba mwawo kuyambira kale. Lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 ndi lolimba pa zimenezi, ndipo mungadziike m'mavuto pamodzi ndi makolowo. Chimodzimodzinso mafupa osanduka miyala ndi zida zamiyala za m'mapanga: lamulo limaziteteza, ndipo fupa likachotsedwa pamalo ake nkhani yake yambiri imatayika. Mwana akaona chotere achijambule, asachisunthe, inu mudziwitse a National Heritage Conservation Commission.

Masabata awiriwo akatha, chotsani zonse monga anachitira a myuziyamu aja, ngakhale ana atadandaula. Jambulani matebulo musanaphwasule. Masamba ouma ndi timapepala tija muziike m'katoni youma, yotsekedwa bwino, pamwamba pamene chiswe sichifika, kuti ana a chaka chamawa adzayambire pamenepo. Mukasankha tsiku mundilembere, Amayi. Ndili ndi makatoni angapo ndi galasi lokulitsa zinthu limene ndingakubwerekeni, ndipo ndikufuna kudzamva ndekha agogowo akutchula mayina a ziwala.