Ndigule makina odulira vinyl kuti ndizidinda matisheti ku Ntcheu?

Funso: Ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala pa boma la Ntcheu. Chaka chino mbatata ya kachewere yandiyendera bwino, moti ndasunga ndalama yokwanira kugula makina odulira vinyl omwe ndawaona akutsatsidwa pa Facebook. Ndikufuna ndizidinda matisheti a makwaya, masukulu ndi matimu a mpira, poti ambiri kuno amakadinditsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Laputopu ndili nayo. Ndigule?

Yankho: Achimwene, msika mwauona bwino. Chomwe chandidetsa nkhawa ndi mawu oti "yokwanira kugula makina". Ndalama yonse ikathera pamenepo, makinawo adzangokhala patebulo osatulutsa tisheti ngakhale imodzi.

Makina amenewa sadinda, amangodula. Kampeni kake kamayenda pa vinyl, pulasitiki yopyapyala yomata pa nsalu, kutsata zomwe mwajambula pa kompyuta, basi. Chomatira zilembozo pa nsalu ndi makina ena, heat press, omwe amatentha ndi kupanikiza nthawi imodzi, kawirikawiri pa madigiri 150 mpaka 160 kwa masekondi 10 mpaka 15, malinga ndi mtundu wa vinyl. Alipo ena amati simbi ya m'nyumba ikwanira. Simbi sitentha mofanana paliponse, mkono wa munthu nawo supanikiza mofanana, ndiye akangochapa kawiri katatu nambala ija imayamba kumatuka m'mbali. Pa boma pomwe anthu amadziwana chonchi, jezi imodzi ikamatuka pabwalo, kwaya ya ku Kampepuza idzamva nkhaniyo musanapite n'komwe kukaitsatsa malonda.

Heat press ndi imenenso imadya magetsi, mawati opitirira 1,000, ina kufika 2,000. Makina odulira ndi laputopu akhoza kuyenda pa sola ndi inveta yaing'ono, koma heat press ayi. Choncho magetsi akathima muzidula ndi kukonzeratu zilembo, akayaka muzimata.

Tsono pali funso lomwe simunafunse: ndi ntchito iti imene makinawa amapindula nayo? Vinyl imalamulira pomwe tisheti iliyonse ikusiyana ndi inzake, komanso pomwe oda ndi yochepa. Majezi 18 a timu ya m'mudzi, iliyonse ndi nambala ndi dzina lake. Matisheti 12 a aperekezi a ukwati. Kwaya ya anthu 25, dzina la mpingo kutsogolo, vesi kumsana. Apa mupikisana ndi wina aliyense, chifukwa kasitomala sawononga thiransipoti ndipo dzina likalakwika amakupezani tsiku lomwelo.

Koma sukulu ikabwera ndi matisheti 400 a baji imodzimodzi, musathamangire kuvomera. Chilembo chilichonse chikadulidwa, vinyl yotsala m'mbali ndi m'kati mwa zilembo monga A, O ndi R imachotsedwa ndi dzanja, pogwiritsa ntchito kachitsulo kosongoka. Ili ngati ntchito yosankha mpunga: pang'ono n'kosavuta, thumba lonse msana umawawa. Baji ya timawu ting'onoting'ono ikhoza kukudyerani mphindi zambiri pa tisheti imodzi, pamene wodinda ndi sikirini (kansalu ka timabowo todutsa utoto) akakonza chikombole chake kamodzi amangopaka utoto n'kumapitirira. Mtengo wake inu simungaufike. Oda yotere itengeni, koma mukaipereke kwa wa sikirini, inu mudyepo kanu ka pamwamba.

Chimodzimodzi chithunzi cha nkhope, chomwe mabanja amafuna pa mwambo wa chiliza. Makina odulira sangatulutse nkhope ya malemu ndi mitundu yake yonse. Pali njira ya DTF: mumatumiza chithunzicho kwa amene ali ndi makina ake m'tauni, iwo amakutumizirani pepala losindikizidwa kale, inu n'kumata ndi heat press yanu. N'chifukwa chake ine, ndalama itandichepera, ndikanayamba ndi heat press yabwino, makina odulira n'kugula apakatikati.

Powerengera mtengo musaiwale vinyl yotayika. Imadulidwa kumbuyo kwake, ndiye chojambula chiyenera kutembenuzidwa ngati pagalasi musanadule. Ongoyamba kumene pafupifupi onse amatayapo vinyl chifukwa choiwala zimenezi. Ikani mtengo wa tisheti yopanda kanthu, vinyl yonse yomwe yachoka pa mpukutu, magetsi, thiransipoti yokaoda, nthawi yanu, ndi kena kosungira timipeni, poti timabuntha. Vinyl ndi timipeni zimachokera kunja, ndipo mukukumbukira momwe mitengo ya katundu wotere idalumphira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wanu uzitsata ndalama yomwe mudzagulire mpukutu wotsatira, osati yomwe mudagulira wakale.

Dipoziti musachite nayo manyazi, ngakhale akhale abusa kapena amalume. Tisheti yolembedwa dzina la munthu simungaigulitse kwa wina. Theka la ndalama lilowe pa Airtel Money kapena Mpamba musanadule kanthu, ndipo mndandanda wa mayina autumize okha pa WhatsApp, kuti pakakhala kulakwitsa kwa kalembedwe mudziwe kuti kwachokera kuti. Popereka katundu muwauze kuti adikire tsiku lathunthu asanachape, azichapa atatembenuza, ndipo simbi isakhudze zilembo.

Ntchitoyi ili ndi nyengo. Anthu akamakonzekera Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Nkolimbo, tsiku la anakubala pa 15 Okotobala, maukwati a m'chilimwe ndi Khirisimasi, mudzasowa nthawi yogona. Januwale ndi Febuluwale ndalama za anthu zimakhala zitapita ku feteleza ndi fizi. Miyezi imeneyi makina omwewo adule vinyl ya masitika: mayina a magolosale, mawu a pa minibasi ndi pa njinga za kabaza, zikwangwani za amalonda a pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn Off. Apa heat press siifunika n'komwe. Za kudinda zizindikiro za Nike kapena za matimu akuluakulu popanda chilolezo, zisiyeni. Eni ake ali ndi lamulo kumbali yawo.

Ndiye gulani, ngati ndalamayo ikwanira makina onse awiri n'kutsalako mpamba wa vinyl yoyera, yakuda, yofiira ndi matisheti a oda yoyamba. Ikapanda kukwana, dikirani mbatata ina. Ndipo musatumize ndalama kwa munthu wa pa Facebook musanaone makinawo. Pitani ndi laputopu yanu, awalumikize inu mukuona, muonetsetse kuti pulogalamu yake ikuperekedwa limodzi ndipo siifuna intaneti nthawi zonse, kenaka adule dzina lanu m'zilembo za sentimita imodzi. Zikatuluka zong'ambika m'makona, bwererani ndi ndalama yanu.