Miyala iwiri ya mu Likhubula: wina wamawanga, wina wakuda bii

Mphunzitsi wina wa ku Chitakale wanditumizira imelo. Akuti ana ake a Fomu 2 anatola miyala iwiri mu mtsinje wa Likhubula. Wina ndi wotuwa, wamawangamawanga, timibulu take tikuchita kuonekera. Winawo ndi wakuda bii, wosalala. Akufunsa kuti ngati yonseyi inachokera ku chiphalaphala chamoto, ikusiyaniranji? Nanga phiri la Mulanje linaphulikapo?

Aphunzitsi, nkhani yagona pa kazizidwe. Chiphalaphala chikamazizira pang'onopang'ono, timibulu ta mchere wa m'miyala timapeza nthawi yokula. Chikazizira mwamsanga, timauma tisanakule. Zili ngati phala la mumphika: pamwamba limagwira khoko msanga, pansi likadali lotentha.

Wamawangawo ndiye mwala weniweni wa phiri lathuli. Mulanje anapangika zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, pamene chiphalaphala chinakwera kuchokera pansi koma n'kuima chisanatulukire kunja. Chinazizira chili chofunditsidwa ndi miyala ina, kwa zaka zikwizikwi, n'kusanduka miyala yotchedwa syenite ndi granite. Kenako mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewerapo imene inali pamwamba ndi m'mbali, n'kusiya thanthwe lolimbali litaima lokha, mpaka mamita 3,002 pa Sapitwa. Choncho musawauze ana kuti Sapitwa kapena Chambe ndi kamwa la phiri lophulika. Chiphalaphala chimene chinakhuthukira panja sichikhala ndi timibulu tikulutikulu chonchi.

Ine ndikanakonda anawo asangomva zimenezi m'kalasi. Auswe mwalawo ndi hamala, chifukwa kunja kwake kunachita ndere ndi dzimbiri, ndiye aunyowetse n'kumautembenuza padzuwa. Aona timbali tafulati tikuthwanima kamodzikamodzi, toyera kapena totuwira: ameneyo ndi feldspar, ndipo ndiye wochuluka. Tina tooneka ngati galasi lodetsedwa, toti mpeni sungakande, ndi quartz, yemwe uja wa mu nsangalabwi. Akachuluka quartz, mwalawo ndi granite. Akamasowa, ndi syenite. Timadontho takuda ndi michere ya chitsulo, ndipo ndi imene imatulutsa dzimbiri lija. Aonetsetsenso kuti timibuluti n'tolumana, palibe mpata pakati pake, chifukwa tinakulira pamodzi mopanikizana.

Wakudayo nthawi zambiri kuno amakhala wa m'ming'alu. Chiphalaphala chikalowa mumng'alu wopapatiza wa thanthwe lozizira kale, chimauma msanga, timibulu n'kukhala tating'ono tofuna galasi lokuzira. Ku Thyolo kuli mizere yambiri yotere ya mwala wakuda wotchedwa dolerite, ya zaka pafupifupi 180 miliyoni, yakale kuposa Mulanje. Mukaupeza mzere woterewu pathanthwe, yang'anani m'mphepete mwake: mumakhala mosalala kuposa pakati, poti ndi momwe munakhudza mwala wozizira.

Ilipo mitundu ina imene anawo akumane nayo pa mayeso. Obsidian anazizira mwadzidzidzi moti alibe timibulu n'komwe, ndi galasi basi. Pumice ali ndi timabowo tosiyidwa ndi mpweya ndipo amayandama pamadzi. Amapezeka cha ku Rungwe ku Tanzania, kufupi ndi malire a Karonga. Pegmatite ndiye wa timibulu tokula mopitirira muyeso: ku Malosa ku Zomba anthu amakumba timibulu takuda ta mchere wotchedwa aegirine, totalika ngati chala. Kumeneko chinakuza timibulu si nthawi yokha, komanso madzi ochuluka amene anali mu chiphalaphala chotsalira. Ukaona mwala wa timibulu tikulutikulu titamwazikana m'thupi losalala, dziwa kuti unazizira kawiri, poyamba pansi mwachifatse, kenako pamwamba mwaliwiro.

Chenjezo limodzi: ana akabweretsa mwala wa mizeremizere yoyera ndi yakuda, yopindikapindika, auike padera. Ameneyo ndi gneiss wa m'zigwa zozungulira phirili, mwala umene unasinthidwa ndi kutentha komanso kupanikizika, ndipo phunziro lake ndi lina.